Mdzukulu Wopanda Kapamba

Panali munthu wina kumidzi ya kuseri kwa phiri, dzina lake Dafuleni, woyendetsa ngolo. Ankatuta mchenga kumtsinje, njerwa ku uvuni, chimanga m'minda ya anthu. Analinso mdzukulu. Pakagwa maliro, iye ndi anzake ndiwo ankalawirira kumanda ndi makasu. Kukumba aliyense amakumba, koma kusema mudzi, kachipinda ka pansi penipeni kamene bokosi limagonamo, imeneyo inali ntchito ya Dafuleni. Ankayeza ndi bango kamodzi kokha, osabwereza.

Munthuyu chipatala ankangochiona akamadutsa ndi ngolo. Malungo ankamugwira chaka ndi chaka nthawi ya mvula, monga amatigwirira tonsefe, koma iye mankhwala ake anali thukuta. Ankati malungo ndi mlendo waulesi, ukamuyalira mphasa amakhazikika, ukamupatsa khasu amatsanzika. Tsiku loyamba mutu, lachiwiri kunjenjemera, lachitatu mapiritsi awiri a pa okala, lachinayi ali pa ngolo akuimba likhweru. Zaka makumi anayi zinatha choncho. Iye ankati ndi mphamvu zake.

Tsiku lina akumanga ng'ombe pa goli, imodzi inamumenya theche kumanzere, pansi pa nthiti. Magazi sanatuluke. Anakhala pansi, anamwa madzi, anati zipita. Pofika masana milomo inali itayera, m'mimba mutauma gwa, ndipo phewa la kumanzere linkapweteka pamene ng'ombe sinakhudze n'komwe. Anamunyamula pa ngolo yake yomweyo mpaka kuchipatala chaching'ono, ndipo akumeneko anamutumiza ku boma pa ambulansi. Anamung'amba tsiku lomwelo. Anapeza kapamba ataphulika, magazi akuthira m'kati. Kusoka sikukanatheka. Anamuchotsa.

Ambiri mwa madokotala ophunzirawa amalankhula ndi pepala, osati ndi munthu. Amakulembera, n'kukuloza khomo, iwe n'kutuluka osadziwa chimene akuchita. Koma dokotala amene anamutulutsa Dafuleni anali wina. Anakhala pansi m'mbali mwa bedi, anaitana mkazi wake Nankhoma kuti ayandikire, n'kuwafotokozera m'Chichewa choyera.

Anati kapamba ndi kanyama kofiirira, kukula kwake ngati chibakera, ndipo magazi a munthu amadutsamo usana ndi usiku. Ntchito yake ndi ngati ya mayi wopeta. Magazi okalamba amawapatula. Tizilombo ta malungo, ta chibayo, ta matenda oumitsa khosi, amatigwira n'kutipha tisanachuluke. Samveka, sadandaula, mwini thupi sadziwa n'komwe kuti ali naye. Munthu akhoza kukhala moyo mpaka kukalamba wopanda kapamba, chifukwa chiwindi chimathandizako, koma sichifika pamene iye ankafika.

Dafuleni anati iye malungo amawadziwa, amathana nawo masiku atatu.

Dokotala anamuyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, masiku atatu ajawo amene ankamenya nkhondo ndi kapamba, inu muli pa ngolo. Lero kulibe. Thupi likatentha m'mawa, dzuwa lisakulowereni muli kunyumba."

Anamubaya katemera. Anamupatsa mapiritsi oti azimwa tsiku ndi tsiku, ndi neti yoti azigonamo ngakhale mu Okutobala motentha. Anati galu akamuluma, ngakhale kungomukanda ndi dzino, athamange. Kenaka anatenga buku lake la kuchipatala n'kulemba pachikuto ndi cholembera chofiira kuti munthuyu alibe kapamba. Nankhoma kuwerenga sankakudziwa bwino, choncho anapempha kuti mawu onse awabwereze. Dokotala anabwereza. Iye anawasunga.

Bala linapola. Patatha miyezi itatu Dafuleni anabwerera pa ngolo, ndipo pamaliro oyamba anatenganso khasu lake.

Tsono mukudziwa mmene adzukulu amakhalira. Kumanda ndi koseka. Amatukwanizana, amanyoza ngakhale womwalirayo, kuti mtima usalemere ndi ntchito imene akugwira. Zimenezo n'zachikhalire ndipo ine sindikuzitsutsa. Koma pagulu lililonse pamakhala mmodzi amene pakamwa pake sipadziwa malire. Pagulu la Dafuleni anali Sikelo, mnzake wa kuubwana, amene ankaweta naye mbuzi.

Dafuleni atavula malaya, chipsera chija chikuoneka kuchokera pachifuwa mpaka pamchombo, Sikelo anamutcha nkhuku yotumbula. Anati madokotala anakazinga kapamba uja ndi anyezi. Anthu anaseka, Dafuleni nayenso anaseka. Tsiku lina Sikelo anamuona akumeza piritsi pa ngolo, n'kufunsa pamaso pa anthu kuti kodi alamu ake a Nankhoma anamugawira mapiritsi awo olera, popeza mwamuna womwa mankhwala tsiku ndi tsiku iye sanamuonepo. Nkhani imeneyo inayenda mpaka kuchigayo. Kuyambira pamenepo Dafuleni ankamwera kuseri kwa khola. Kenaka anayamba kudumphitsa masiku. Botolo litatha, sanapite kukatenga lina.

Nankhoma ankaona zonsezo. Chaka chimenecho mayiyu sanakhale ndi mtendere. M'mawa uliwonse ankapeza chifukwa chokhudzira khosi la mwamuna wake ndi kuseri kwa dzanja, kaya akuti pali nyerere, kaya akuti kolala yapindika. Mwamuna akatsokomola kawiri, iye ankasiya chimene akuchita n'kumvetsera ngati kubwera kachitatu. Neti ikabooka ankaisoka tsiku lomwelo. Agalu a pamudzi ankawathamangitsa ndi miyala asanafike pabwalo. Mwana wawo Tiyese akatentha thupi, ankamugoneka kukhitchini, kutali ndi bambo ake. Dafuleni zinkamukwiyitsa. Ankafunsa kuti kodi iye wasanduka dzira. Mawa lake dzanja la mkazi linkafikanso pakhosi.

Mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati, udzudzu uli ponseponse, kunamwalira mkulu wina, a Bizaliele. Amenewa ndiwo anamuphunzitsa Dafuleni kugwira bango ndi kusema mudzi. Ndiwonso anakumba manda a mwana wake woyamba, iye atakhala pansi osatha kuimirira. Uthenga unafika madzulo kuti adzukulu akumane kumanda kukamacha, ndipo mwambo woika ukhala cha m'ma 2 koloko masana.

Kutacha Dafuleni anadzuka mutu ukulemera, m'mfundo mukuphwanya. Dzanja la Nankhoma litafika pakhosi silinachoke msanga. Anati thupi latentha. Mwamuna anati ndi bulangete. Mkazi anati apite kuchipatala pompano, njinga ili apo, matayala anapopa dzulo. Dafuleni anafunsa kuti nanga mudzi wa a Bizaliele asema ndani. Anati akangoika maliro apita yekha, palibe womukankha. Mkazi anamukumbutsa mawu a dokotala. Iye anati dzuwa silinalowe, langotuluka kumene. Anatenga khasu n'kumapita.

Musamuyese wopusa. Lamulo ankalidziwa, ndipo inunso mukulidziwa. Mdzukulu akalowa kumanda satulukako dzenje lisanathe. Wothawa khasu la mnzake, tsiku likadzafika pakhomo pake anthu amabwera ndithu, koma amakhala pansi manja ali m'thumba, abale a malemu n'kumakumba okha. Tonse tinazionapo zimenezo. Dafuleni ankaopa malungo, inde, koma chimenecho ankachiopa kuposa.

Kumanda kunali amuna khumi ndi mmodzi. Dothi la pamwamba linali lofewa ndi mvula, ndipo linachoka msanga. Pansi pake panali katondo wolimba, kenaka timiyala. Ankasinthana awiriawiri. Dafuleni analowa ulendo wake woyamba, anatuluka thukuta lili noninoni, n'kudziuza kuti mlendo uja akutsanzika. Atakhala pamulu wa dothi thukuta linauma, mphepo inamulowa m'mafupa. Anavala malaya. Sizinathandize. Anapempha jekete la mnzake ponena kuti kukuzizira, pamene anzake onse anali chifuwa pamtunda.

Dzuwa litakwera, dzenje linafika pakhosi pa munthu. Inakwana nthawi ya mudzi. Anamupatsa bango, iye anatsika.

Pansi paja manja anakana. Akaloza apa khasu linkagwera apo. Mano ankagundana mpaka a pamwamba ankamva. Sikelo anasuzumira n'kuuza anzake kuti abwere adzaone, aise akuvina m'dzenje opanda ng'oma. Wina anati amupatse kachasu pang'ono atenthedwe. Wina anati amusiye, atuluka nalo thukuta monga mwa masiku onse. Anabwerera kukakhala pamthunzi. Dafuleni anasanza pakona, n'kukwirira ndi phazi kuti pasaoneke. Anasema mbali imodzi. Pofuna kutembenukira mbali inayo, makoma a dzenje anayamba kuzungulira. Anakhala pansi, akuti apume pang'ono.

Kumeneko mkazi salowa kumanda amuna akukumba. Amayi amabweretsa chakudya ndi madzi n'kutula pamene njira yathera, pamtengo wa mkuyu, ndipo mdzukulu mmodzi amabwera kudzatenga. Tsikulo Nankhoma anasenza ndowa ya madzi pamodzi ndi amayi anzake. Buku lija la kuchipatala anali atalimangirira m'chiuno kuyambira m'mawa. Wobwera kudzatenga anali Sikelo. Mayiyu anamufunsa kuti bambo a Tiyese ali bwanji.

Sikelo anaseka. "Alamu, musadandaule. Akunjenjemera ngati galu wonyowa, koma khasu sakulisiya. Ndi mwamuna uja."

Nankhoma anatula ndowa. Anadutsa mkuyu uja. Amayi anzake anamugwira chitenje, akumunong'oneza kuti kodi wapenga, abwerere asanamuone. Iye anawachotsa manja mmodzimmodzi n'kupitirira. Anayenda pakati pa mitumbira, osayang'ana kumanja kapena kumanzere.

Amuna aja atamuona nthabwala zinatha. Ena anathamangira malaya. Wamkulu wa gulu anaimirira n'kumufunsa ngati wasokera, ndipo anamuuza kuti abwerere msanga mlandu usanakule. Nankhoma anangomudutsa. Anakwera pamulu wa dothi n'kuyang'ana pansi. Mwamuna wake anali atatsamira khoma, jekete la eni lili matope okhaokha, milomo itauma, akupuma mofulumira ngati wathamanga.

Anamuitana motsitsa mawu. "Bambo a Tiyese, tulukani."

Dafuleni anakweza mutu movutikira. Anati wamuchititsa manyazi. Anati abwerere, kwangotsala mbali imodzi, ntchito ya kanthawi kochepa. Anayesa kuimirira kuti aonetse, anagwira khasu, mawondo n'kumubweza pansi.

Wamkulu uja anati mwamva, mwini wake wanena. Lamulo ndi lamulo. Akamaliza mudzi amuperekeza okha. Sikelo, amene anali atafika ndi ndowa ija, anati malungo okhawa sangaphe munthu tsiku limodzi, alamu asachite ngati ndi oyamba kukwatiwa.

Nankhoma anatembenuka n'kuwayang'ana onse.

"Chabwino, amalize. Koma makasu musabwerere nawo kunyumba. Bango lilipo, munthu wake ndi uyu muli nayeyu. Muyezeretu pambalipa, mukumbe awiri lero lomwe nthaka ikadali yofewa, kuti mkuja musadzavutikenso kulawirira."

Palibe anaseka. Kumudzi kunkamveka nyimbo ya amayi a pasiwa.

Dafuleni ali pansipo ankangoona mapazi a anzake m'mphepete mwa dzenje. Mapazi amenewo ankawadziwa onse, mpaka zala zake. Ankadikira kuti mmodzi anene mawu amodzi okha, akuti pita, timaliza ife. Akanangomva zimenezo akanatuluka mutu uli m'mwamba. Anadikira. Mapazi aja ankangopondaponda dothi.

Pamenepo anatsamiritsa khasu kukhoma, anaika bango pambali pake, n'kukweza dzanja.

Dzanjalo linakhala m'mwamba nthawi yaitali. Aliyense ankayang'ana mnzake, chifukwa wotulutsa mdzukulu dzenje lisanathe ndiye kuti mlandu wautenga. Nankhoma anamasula nsalu imene anafunda paphewa, anagwada m'matope, n'kutsitsira nsonga imodzi pansi. Mwamuna anaikulunga padzanja. Mkazi anakoka, koma munthu wa ngolo ndi wolemera. Anakokanso, mawondo ake akutsetsereka kulowera m'dzenje momwemo. Ataona kuti agweramo onse awiri, amuna awiri anagwira nsalu ija, maso ali kumbali, n'kumutulutsa. Atangofika pamtunda anaisiya ngati yotentha.

Palibe anawaperekeza. Mayiyu anamukoleka mwamuna wake paphewa mpaka kunyumba, anamukhazika pa njinga, n'kuikankha mpaka kumsewu. Pamtsinje madzi anali m'mawondo. Dafuleni anagwa kawiri. Ulendo wachiwiri sanafune kudzuka, anati amusiye agone pang'ono pa udzu pomwepo, ndipo mkazi anachita kumukoka ndi lamba. Kumsewu anaimika njinga ija n'kudikira yamoto. Njinga yamoto yoyamba inali ndi anthu. Yachiwiri mwini wake atamuona wodwalayo anakana, anati iye sanyamula munthu woti akamuthera panjira. Yachitatu inavomera. Anamukhazika pakati, Nankhoma kumbuyo atamukumbatira, akumva kutentha kwa msana wake kupyola jekete. Njira yonse ankamuitana dzina kuti asagone. Poyamba ankavomera. Kenaka anayamba kuyankha zina, akuuza a Bizaliele kuti bango lafupika. Kenaka anasiya kuyankha.

Kuchipatala mzere unali utatuluka panja. Nankhoma sanakhale pa benchi. Anapita kutsogolo, anthu akumukalipira kuti nawonso abwera ndi odwala, n'kuika buku lija pamaso pa namwino. Namwino ataona zolemba zofiira anasiya cholembera, anaitana anzake, n'kumulowetsa Dafuleni pa machira. Anapeza malungo atadzaza m'magazi, ndi matenda ena ataloweranso pomwepo. Anamuika madiripi manja onse awiri. Masiku atatu sanadziwe munthu. Mkazi ankagona pansi pa bedi, ndipo akamva kupuma kwasintha ankadzuka kukaitana namwino, mpaka anamwino anatopa naye. Tsiku lachinayi Dafuleni anatsegula maso n'kupempha madzi. Dokotala wa kumeneko anauza Nankhoma mosabisa kuti akanadikira mpaka maliro aikidwe, akanabwera kudzangotenga kalata ya imfa.

Anatuluka patatha masiku khumi ndi awiri, buluku likumugwa m'chiuno.

Mukuganiza kuti kumudzi anamulandira ndi nthungululu? Mudzi wa a Bizaliele anamaliza ndi Sikelo, ndipo bokosi linakakamira. Anachita kulitulutsa n'kusemanso, anthu akubwereza nyimbo imodzi kanayi, abale a malemu akuyang'ana pansi. Manyazi amenewo sanamugwere Sikelo. Anamugwera amene anasiya khasu. Nankhoma anaitanidwa kwa akuluakulu chifukwa choponda kumanda amuna akukumba. Anapepesa ndi nkhuku, ndipo iwo analandira. Za mawu amene ananena paja ena sanamukhululukire mpaka lero, akuti anatemberera mwamuna wake.

Dafuleni ali moyo. Ngolo akuyendetsa, Tiyese ali kusukulu. Pakagwa maliro uthenga wa adzukulu umadumpha nyumba yake. Amapita ndithu, n'kukhala kumbuyo ndi alendo. Akamadutsa pachigayo pamakhala wina wonena motsitsa kuti uyo ndi uja anatulutsidwa m'manda ndi nsalu ya mkazi. Iye amamva. Amangokwapula ng'ombe n'kumapita.

Tsono ndikuuzeni inu, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuweruza mayi uja. Pamanda paja panali amuna khumi oimirira. Onse ankadziwa chimene chinachotsedwa m'thupi mwa mnzawo. Chipsera ankachiona, ndipo ndi iwo omwe anachipatsa dzina. Ankamva mano ake akugundana. Mawu amene ankafunika anali amodzi, ndipo sakanathyola munthu nsagwada. Sanawanene. Lamulo lija makolo analiika kuti wakufa asasowe womuika, osati kuti wamoyo afere m'dzenje la mnzake. Mnzanu akakuuzani kuti kuchipatala anamuletsa chakuti, kapena anamuuza kuti azimwa chakuti, tsekani pakamwa. Simunalowe m'mimba mwake. Ngati nthabwala zikukuyabwani, sekani ng'ombe zake.

Ndipo iwe amene thupi lako silili monga linalili kale, kaya anakuchotsa kapamba, kaya uli ndi botolo limene umabisa kuseri kwa khola, usadikire kuti anzako akumasule. Sadzakumasula. Ukamva kutentha, siya khasu pomwepo, pita. Okusekawo usawaope. Ukawamvera, adzabwera m'mamawa ndi makasu awo, adzakumba mowongoka bwino, ndipo pokumbapo adzakhala akuseka za munthu wina.